Mudzi wopachikidwa pakhoma la m'komboni

Aliyense amene analowapo m'nyumba za m'makomboni a Lusaka, kaya ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama kapena ku Mtendere, ndipo atapatsidwa mpando nakweza maso kuyang'ana pakhoma, adzavomereza kuti pakati pa kalendala ya mpingo ndi zithunzi za ukwati kawirikawiri pamapezeka chimodzi mwa zinthu ziwiri izi: nkhope ya kholo, makamaka mayi wovala duku, kapena mudzi wa nyumba zaudzu, nkhokwe ili pambali, phiri lili kumbuyo, mkazi akusinja pamtondo. Zimenezi sizichokera m'kamera ayi. Ndi ntchito ya dzanja, ya penti ndi burashi, ndipo eni luso lake nthawi zambiri ndi anthu omwe aja amene amalemba zikwangwani za mabala, za tuntemba ndi za malo ometera tsitsi.

Alipo ophunzira ena amene amanyoza zojambula zotere, nanena kuti ndi malonda chabe okopera alendo ku Kabwata Cultural Village kapena pamsika wa Lamulungu wa ku Arcades. Ine sindigwirizana nawo, pakuti mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja amagula njovu ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, koma nkhope ya agogo a munthu wina sangaigule. Wogula nkhope imeneyo ndi mdzukulu wake, woyendetsa minibasi kapena wogulitsa tomato kumsika wa Soweto, amene wadzimana ndiwo kuti agogo akewo asaiwalike.

Kuti timvetse njala imeneyi ya nkhope ndi mudzi, tiyenera kukumbukira mmene makomboni anayambira. Pamene Lusaka anasanduka likulu la Northern Rhodesia m'chaka cha 1935, boma la atsamunda linkaona munthu wakuda ngati wogonera m'tauni, wobwera kudzagwira ntchito ndi chitupa m'thumba, woyenera kubwerera kumudzi ntchito ikatha kapena mphamvu zikamuthera. Amene anasowa nyumba za boma kapena za owalemba ntchito anamanga zisakasa pamalo a azungu eni minda ndi eni makontrakiti, ndipo mayina a makomboni monga George, John Laing, John Howard ndi Marapodi ndi mboni za nthawi imeneyo kufikira lero. Ufulu utabwera mu 1964 anthu anakhamukira mumzinda, ambiri a iwo kudzera mu Great East Road kuchokera ku Petauke, Katete, Chipata ndi Lundazi, kotero kuti mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni, ndipo ndi ngongole ya World Bank linayamba kukonza misewu ndi madzi ku George ndi ku Chawama. Kuyambira pamenepo mibadwo yabadwira m'tauni, ndipo alipo adzukulu amene mudzi wa makolo awo anauona kamodzi kokha, tsiku la maliro. Komabe akulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Amene sangathe kupita kwawo amauitana mudziwo kuti udzakhale pakhoma.

Taonani mmene nkhope yotere imabadwira. Munthu amafika kwa wojambula atanyamula kachithunzi kakang'ono kakuda ndi koyera, nthawi zina ka pa reji ya malemu mayi ake, kofufuma ndi kothyoka m'makona, popeza ndiko kokha kamene kanatsala m'banja lonse. Wojambulayo amakoka nsalu pa felemu ya matabwa, naikhomera kumbuyo, naipaka penti woyera wa PVA kawiri kuti ulusi usamwe utoto. Kenaka amalemba timizere topingasa pa kachithunzi kaja ndi mizere yaikulu pansalu, nasamutsa diso, mphuno ndi chibwano kabokosi ndi kabokosi. Koma kachithunzi sikanena zonse, choncho amafunsa: "Kodi amayi anali oderapo kapena oyererapo? Nanga chitenje chimene ankachikonda chinali cha maonekedwe otani? Mphini zinali patsaya liti?" Apa mwana wamasiye uja, amene anabwera ngati wogula, amayamba kusimba za mayi ake, mwina koyamba chichitikire maliro, ndipo wojambula wanzeru safulumira kumudula mawu, podziwa kuti nkhope yeniyeni ili m'mawu amenewo. Sawongola makwinya kapena kubisa mano oguluka pokhapokha atapemphedwa, pakuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Penti amene wathandiza kwambiri ntchito imeneyi ndi wa acrylic, amene anayamba kugulitsidwa kwa ojambula m'zaka za m'ma 1950. Ubwino wake umamveka bwino kwa munthu wokhala m'chipinda chimodzi ndi banja lake lonse. Amasungunulidwa ndi madzi wamba, alibe fungo lamphamvu la mafuta osungunulira penti limene lingatsamwitse ana usiku, ndipo amauma m'mphindi zochepa, pamene penti wa mafuta amatenga masiku, nakola fumbi lonse limene mphepo ya mu Ogasiti imaulutsa m'misewu ya m'komboni. Akauma sasungunukanso ndi madzi, chinthu chosapeputsidwa ku Kanyama kumene dzinja limalowa m'nyumba. Koma kufulumira komweko ndiko msampha wake, chifukwa khungu la munthu lili ndi mitundu yambiri yolowana, yofiirira pamphumi ndi yakuda pansi pa chibwano, ndipo wozengereza kuisakaniza amapeza penti wauma kale paburashi. Ndiponso mtundu umadera pang'ono ukauma, kotero kuti wosazolowera amapereka nkhope yakuda kuposa mwini wake. Machubu a acrylic ndi ochokera kunja ndipo ndi okwera mtengo, n'chifukwa chake ambiri amasakaniza penti wa nyumba ndi timabotolo ta utoto ta m'sitolo za zomangira, ndipo chithunzi chotero sichichedwa kufwifwa.

Pa zojambula za mudzi ndili ndi dandaulo limodzi, ndipo ndilinena mwachikondi. Mudzi wa pakhoma ndi wokhuta nthawi zonse: nkhokwe yadzaza, dambo ndi lobiriwira, mitengo yaima yosadulidwa. Simuonamo matumba a makala ali m'mbali mwa msewu, ngakhale kuti makala omwewo ndi amene akuphikira nsima pambaula pakhomo pa wojambulayo. Simuonamo chimanga chopserera cha mu 2024, chaka chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Stephen Kappata, wa ku Western Province, amene anamwalira mu 2007, anaonetsa kuti munthu angathe kukonda mudzi popanda kuunamizira, pakuti pamodzi ndi miyambo ya kwawo anajambulanso nkhanza za nthawi ya atsamunda, nalemba mawu ofotokoza pa zojambula zakezo. Henry Tayali, amene anabadwira ku Serenje mu 1943, naphunzira ku Makerere ndi ku Düsseldorf, namwalira mu 1987, sanachite manyazi kujambula makamu a anthu wamba ndi omwa mowa m'mabala. Godfrey Setti ndi Mulenga Chafilwa nawonso anatembenuzira maso awo kumisika ndi kumisewu ya m'tauni. Anyamata a m'komboni ali ndi makolo m'luso limeneli, ngakhale kuti ambiri sanawamvepo.

Kusamva kumeneku ndiko kumandiwawa. Nyumba yoonetsera zaluso ya Henry Tayali ili mu Showgrounds, ulendo wa miyendo kuchokera ku Kalingalinga. Ya Lechwe Trust, bungwe limene Cynthia Zukas, Bente Lorenz ndi Tayali mwini analiyambitsa mu 1986 kuti ntchito za amisiri a Zambia zisathere kunja, ili ku Rhodes Park. Mtunda ndi waufupi, koma wolemba zikwangwani wa m'komboni amaopa kulowamo, poyesa kuti ndi malo a azungu ndi a madigiri, ndipo osunga nyumbazo safika kawirikawiri kumene iye amagwirira ntchito. Aphunzitsi a m'makomboni akanachita bwino kutengera ana awo kumeneko, ndipo akulu a Visual Arts Council of Zambia akanachita bwino kuyenda m'makomboni kufunafuna manja aluso.

Kwa inu amene muli ndi chithunzi chotere m'nyumba, pempho langa ndi laling'ono. Chitsitseni lero, muchipukute ndi nsalu youma, ndipo kumbuyo kwake mulembe dzina la wojambulidwayo, mfunda wake, mudzi ndi mfumu ya kwawo, chaka chimene chinajambulidwa, ndi dzina la mmisiri amene anachijambula. Mukatero muchipachike patali ndi utsi wa mbaula ndi dzuwa la pawindo.