Fomu ya wamatsenga: gemu imakoma chifukwa cha malire

Mukafuna kusewera Dungeons & Dragons, dayisi musanaigwire n'komwe, anzanu amayamba akupatsani fomu yoti mudzaze. Pafomupo mumalemba dzina la mtengambali wanu, mphamvu zake, katundu amene wanyamula ndi mbiri yake. Kenako mumakhala patebulo, mmodzi n'kumafotokoza nkhani, enanu n'kumanena zomwe atengambali anu akuchita, madayisi n'kumagamula ngati zatheka.

Gemuyi anaitulutsa ku America mu 1974 Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo achinyamata ambiri aidziwira mu filimu ya Stranger Things. Pa atengambali onse, amene fomu yake imavuta kwambiri ndi wamatsenga. Fomu yomwe kampani ya Wizards of the Coast inatulutsa mu 2014 ili ndi masamba atatu, ndipo lachitatu lonse ndi la matsenga okhaokha. N'chifukwa chake pa intaneti padzaza mafomu omwe munthu ungasinthe momwe ukufunira: ena a PDF odzaza pafoni, ena a Google Docs kapena Google Sheets, ena okongoletsedwa ndi zithunzi za nyenyezi ndi malawi a moto.

Tisanapite patali, ndikudziwa kuti mawu oti matsenga sagwera bwino m'khutu mwa ambiri a ife. Ku America komweko m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina ankati gemuyi ndi ya satana, ndipo mayi wina, Patricia Pulling, anakhazikitsa gulu lolimbana nayo mu 1983. Koma mukayang'ana pafomupo mupeza manambala ndi masamu. Palibe amene amaimba nyimbo zoitana mizimu. Amaponya dayisi, n'kuwonkhetsa.

Ine ndimaona kuti fomu yabwino ya wamatsenga ndi yomwe imamukumbutsa wosewera zomwe sangathe kuchita. Tiyeni titenge wizard wa levulo yoyamba m'malamulo a 2014. Buku lake limayamba ndi matsenga 6. Ali ndi tizing'onozing'ono titatu, ma cantrip, tomwe angachite kangapo konse. Koma matsenga enieniwo ali ndi mipata iwiri yokha, yomwe amaitcha ma spell slot. Akachita kawiri, basi zatha, ndipo kuti mipata yonse ibwerere ayenera kupuma maola 8. Zili ngati bandulo: ukaithera pa mavidiyo m'mawa, madzulo ukafuna kutumiza uthenga wofunika ugwira njakata. Ganizo loti matsenga azitha chonchi Gygax analitenga m'mabuku a mlembi Jack Vance, amene buku lake la The Dying Earth linatuluka mu 1950.

Ndiye fomu yomwe ilibe timabokosi tochonga mipata imeneyi pamalo oonekera, kaya ikongole bwanji, ndi yachabe. Chimodzimodzi malo olemba nambala yomwe adani ayenera kufikira kuti apulumuke ku tsenga lanu. Masamu ake ndi osavuta: 8, kuphatikiza bonasi ya luso yomwe imayambira pa 2, kuphatikiza bonasi ya nzeru. Wizard amene nzeru zake zili pa 16 amapeza 3, ndiye nambala yake ndi 13. Ikakhala pamwamba pa tsamba, simuchedwetsa anzanu ndi kufufuza m'buku nkhondo ili mkati.

Pali zinanso zomwe fomu iyenera kusonyeza. Matsenga ena amafuna kulankhula, ena kugwedeza manja, ena kanthu kogwirika. Mtengambali wanu akamangidwa manja kapena kutsekedwa pakamwa, mzere umenewu ndi umene ukuuzeni chomwe chatsala. Ena amafuna kuikapo maganizo onse, ndipo oterewa simungagwire awiri nthawi imodzi. Komanso amatsenga si amodzi. Wizard amadalira kuphunzira, cleric amalandira mphamvu kwa mulungu wa m'nkhaniyo, sorcerer anabadwa nazo, pomwe warlock anachita pangano ndi chinthu champhamvu ndipo mipata yake, ngakhale ndi yochepa, imabwerera akangopuma ola limodzi. Kukopera fomu ya wizard n'kuigwiritsa ntchito kwa warlock n'kudzisokoneza wekha. Apa ndiye pali phindu la fomu yosinthika: mumachotsa zosafunika, n'kukulitsa zomwe mumaziyang'ana pafupipafupi.

Chomwe chimandidandaulitsa n'chakuti mafomu ambiri amapereka malo aakulu ku mndandanda wa matsenga, n'kusiya kabokosi kakang'ono ka munthuyo. Chikhalirecho malamulo a 2014 anaika mizere ya khalidwe, zomwe amakhulupirira, omwe amawakonda ndi zofooka zake. Mukamakonza yanu, onjezeranipo mafunso atatu. Anamuphunzitsa ndani? Analipira chiyani kuti apeze mphamvuzi? Ndi tsenga liti lomwe amaopa kuchita, ndipo chifukwa chiyani? Wizard amayamba ndi mapointi a moyo 6 okha musanawonjezere bonasi, pomwe wankhondo amayamba ndi 10. Munthu wofooka chonchi amene akulowabe m'phanga la zilombo ayenera kukhala ndi chifukwa, ndipo chifukwacho ndi chomwe anzanu adzakumbukire kuposa Fireball yomwe adzaipeze pa levulo 5.

Masiku ano pali mapulogalamu monga D&D Beyond, yomwe Hasbro inagula mu 2022, omwe amakuwerengerani zonse. Amathandiza, sindikukana. Koma zambiri za mmenemo n'zogula ndi madola, komanso amene sanawerengepo yekha samvetsa chifukwa chomwe nambala yake ili 13. Nkhani yabwino n'njakuti mu Januwale 2023, osewera atakwiya ndi mapulani osintha chilolezo chogwiritsira ntchito malamulo a gemuyi, Wizards of the Coast inaika malamulo ake oyambira pansi pa Creative Commons. Aliyense akhoza kuwatenga mwaulere, n'kupangirapo zake, bola atchule kumene achokera.

Choncho palibe chokuletsani kupanga fomu yanu, ngakhale m'Chichewa. Tsamba limodzi la kope ndi pensulo zikukwanira, ndipo dayisi ya mbali 20 ilipo yaulere pafoni. Yambani ndi timabokosi tiwiri ta mipata tija, mudzatichonge moona mtima. Tikatha, mtengambali wanu adzafunika kuganiza, kunyengerera kapena kuthawa, ndipo anzanu patebulopo adzayamba kumvetsera.