William Rittenhouse, wopanga mapepala

Anzathu ophunzira, taonani pepala limene lili m'manja mwanuli. Masiku ano mapepala ambiri amapangidwa ndi mitengo m'mafabrika aakulu. Kale sizinali choncho. Pepala linkapangidwa pamanja, ndipo linkachokera ku nsanza. Tiyeni tiwerenge za munthu wina amene ankadziwa ntchito imeneyi.

Dzina lake ndi William Rittenhouse. Anabadwa m'chaka cha 1644 pafupi ndi Mülheim, m'dziko la Germany. Anaphunzira kupanga mapepala akadali mnyamata. Pambuyo pake anakakhala ku Amsterdam, m'dziko la Holland, ndipo mu 1678 analembedwa kukhala nzika ya mzindawo.

Iye anali wa mpingo wa a Mennonite. Dzinali linachokera kwa Menno Simons, wansembe amene anatuluka mu mpingo wa Katolika mu 1536. Anthu a mpingo umenewu sabatiza makanda. Amati munthu abatizidwe atakula, atasankha yekha. Amakana kupita ku nkhondo, amakananso kulumbira. Chifukwa cha zimenezi olamulira ambiri a ku Ulaya ankawazunza. Ena anaphedwa, ena analandidwa minda ndi kuthamangitsidwa.

Tsidya lina la nyanja, ku America, Mngelezi wina dzina lake William Penn anayambitsa dziko la Pennsylvania. Iye analonjeza kuti kumeneko aliyense adzapembedza monga afunira. Mu 1683 mabanja 13 ochokera ku Krefeld anamanga mudzi wa Germantown, pafupi ndi Philadelphia. Pofika mu 1688 Rittenhouse anali atafika m'mudzimo ndi banja lake.

Pano tiime pang'ono. Dziko limenelo silinali lopanda eni ake. Eni ake anali anthu a mtundu wa Lenape. Othawa mazunzo ku Ulaya anapeza mtendere, koma Alenape anataya malo awo pang'onopang'ono. Mu 1737 ana a Penn anawalanda dera lalikulu mwachinyengo.

Ku Philadelphia kunali wosindikiza mabuku, William Bradford. Vuto lake linali mapepala. Onse ankabwera pa sitima kuchokera ku Ulaya, ankachedwa ndiponso ankadula. Koma ku Germantown anthu ankalima fulakesi ndi kuluka nsalu za bafuta. Pamene pali nsalu sipasowa nsanza. Choncho mu 1690 Rittenhouse, Bradford ndi anzawo ena anasonkha ndalama, namanga chigayo cha mapepala m'mbali mwa kamtsinje kothira mu mtsinje wa Wissahickon. Chimenechi chinali chigayo choyamba cha mapepala m'maiko onse a Angelezi ku America.

Kodi nsanza zinkasanduka bwanji pepala?

Poyamba ankasankha nsanza, zoyera pazokha, zakuda pazokha. Ankaziduladula, kuzinyowetsa ndi kuziunjika kuti zivunde pang'ono. Kenaka ankazisinja. Amayi, ganizirani mtondo ndi musi. M'chigayomo munali mitondo ingapo ndi misi yolemera yamatabwa, koma wosinja sanali munthu ayi. Madzi a mumtsinje ankazungulitsa gudumu lalikulu, gudumulo n'kumanyamula misi ndi kuigwetsa, mpaka nsanza zitasanduka phala.

Phalalo ankalisungunula m'mbiya yaikulu yamadzi. Mmisiri ankamiza sefa wawaya wamakona anayi m'mbiyamo, n'kumuvuula ndi kumugwedeza, monga tichitira ndi lichero. Madzi ankatsika, ulusi n'kutsala pamwamba utalukana. Apa ndi pamene panagona luso. Akagwedeza molakwika, pepala linkanenepa mbali imodzi ndi kupyapyala mbali ina. Mnzake ankakhuthulira pepala lonyowalo pa nsalu yaubweya, n'kuphimba ndi nsalu ina, pepala lina pamwamba, mpaka mulu. Muluwo ankaufinya ndi chopanikizira. Akatero ankayanika mapepala pa zingwe, kenaka kuwaviika m'madzi omata ophikidwa ndi zikopa ndi mafupa, kuti inki isamayenderere polemba. Pepala lililonse linkadutsa m'manja kambirimbiri, limodzi limodzi. Mukaloza pepala la Rittenhouse kudzuwa mumaona chizindikiro chake m'kati mwake: tsamba la nthambi zitatu, kapena zilembo zoyamba za dzina.

Mabuku amatchula dzina la mwini chigayo. Koma popanda olima fulakesi, oluka nsalu ndi otolera nsanza khomo ndi khomo, misi ija ikanasinja mphepo.

Patapita zaka pafupifupi 10, madzi osefukira anakokolola chigayo chonse. Munthu wa zaka zoposa 55 anayenera kuyambiranso. Penn analemba kalata yopempha anthu kuti amuthandize, ndipo Rittenhouse ndi mwana wake Claus anamanga chigayo china pafupi pomwepo. Pang'onopang'ono anagula magawo a anzawo aja. Mpaka 1710 kunalibe chigayo china cha mapepala m'maiko amenewo.

Za mpingo zinali motere. A Mennonite a ku Germantown anali ochepa, ndipo ankasonkhana m'nyumba za anthu. Anasankha Rittenhouse kukhala mlaliki wawo woyamba. Ntchitoyi inalibe malipiro. M'kati mwa sabata ankapanga mapepala, Lamulungu ankalalikira. Koma panali chovuta chimodzi. Pa mwambo wawo, wobatiza ndi bishopu, ndipo kunalibe bishopu woti amuike manja. Achinyamata ankakula osabatizidwa. Mpingo unalembera kalata abale awo a ku Altona, pafupi ndi Hamburg, kufunsa chochita. Yankho linali loti ulendo ndi wautali ndi woopsa, choncho achite okha. Rittenhouse anazengereza nthawi yaitali, poopa kudzipatsa yekha udindo. Pamene anavomera, anadwala, namwalira mu February 1708 asanabatize munthu ndi mmodzi yemwe.

Ubatizo woyamba unachitika mu May chaka chomwecho. Jacob Gottschalk anabatiza anthu 11. M'chaka chimenechonso anamanga nyumba yopemphereramo yamitengo. Mu 1770 anamanga ina yamiyala pamalo omwewo, ndipo ilipobe.

Ana ndi zidzukulu anapitiriza kupanga mapepala pa kamtsinje kaja kwa mibadwo ingapo. Mdzukulutubzi wake David Rittenhouse anabadwira pomwepo mu 1732. Iye ankapanga mawotchi ndi kuphunzira za nyenyezi, ndipo mu 1792 anakhala mkulu woyamba wa nyumba yosulira ndalama ya dziko la United States.