NYALI YA MADZI IKAKANA KUZIMA M'LOLE

Nyengo yogulitsa dzinthu ikafika, lole siipuma ku Zemba. Lero yasenza cimanga kunka naco ku msika wa Food Reserve Agency, mawa nshawa ndi soya kunka ku Chadiza kapena ku Chipata, ndipo mvula ikayandikira iyambanso kututa feteleza. Malole ambiri amene alimi ndi makopaletivu agula ndi Canter, Dyna kapena Fuso, ocokera ku Japan atagwirako kale nchito. Ena mwa malolewa ali ndi kanyali patsogolo pa dalaivala, kamene kayaka madzi oziziritsa injini akacepa. Kodi mucite ciani ngati mwathira madzi, koma kanyaliko kalikuyakabe tsiku ndi tsiku?

KANYALI NDI MUVI N'ZOSIYANA

Pampu ikankha madzi kuti azungulire m'injini, ndipo madziwo atenga kutentha kunka nako ku rediyeta, kumene mphepo iwaziziritsa. Injini yabwino iyenda pa madigiri 80 kufikira 95. M'mbali mwa nyanja ya mcere madzi awira pa 100, koma kwathu kuno, pokhala dziko lokwera, awira msanga, pa 96 kapena 97. Cimene ciwaletsa kuwira ndico citsekero ca rediyeta, cimene ciwapanikiza kuti apirire kufikira pafupi 120.

Muvi unena kuti injini yatentha. Kanyali kanena kuti madzi acepa, ndipo kayamba kucenjeza injini isanatenthe. Madalaivala ena ati, "Muvi uli pakati, palibe kanthu." Uku ndi kudzinyenga, pakuti kacitsulo koyesa kutentha kanena zoona pokha-pokha kakamizidwa m'madzi. Madzi akatheratu muvi ukhoza kutsika, pamene injini ilikupsa.

YESANI MASIKU ATATU

Kanyali kakakana kuzima, pali zinthu ziwiri: kapena madzi alikuthawadi, kapena kanyaliko kalikunama. Musaweruze mlanduwu mwa kungoganiza, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Citani motere:

1. Imikani lole pamalo osalala usiku, ndi kuyala katoni youma pansi pa injini.

2. M'mawa, injini ili cizizirire, yang'anani madzi m'kabotolo ka pambali. Akhale pakati pa mizere iwiri yolembedwapo. Lembani cizindikiro pamene madziwo alekeza.

3. Ngati rediyeta ili ndi citsekero cace-cace, tsekulaninso pamenepo. Nthawi zina kabotolo kakhala kodzala pamene rediyeta ili ndi ludzu, cifukwa citsekero cakutha kapena kapaipi kong'ambika sikalola madzi kubwerera injini ikazizira.

4. Bwerezani zimenezi m'mawa katatu, lole ikugwira nchito yace monga mwa masiku onse.

Cenjerani! Musatsekule citsekero injini ili yotentha. Madzi opanikizidwa atumphuka ndi nthunzi, naocha manja ndi nkhope koopsa.

NGATI MADZI ALIKUCEPA

Pamenepo kanyali kanena zoona, ndipo nchito yanu ndiyo kupeza pamene madzi aturukira. Yambani ndi zapafupi. Finyani mapaipi a mpira: yofewa kwambiri, yotupa kapena yong'aluka yatha. Mangani zomangira zace zolimba. Pamene madzi adonthera asiya cipsera coyera kapena cobiriwira, ngakhale atauma. Yang'ananinso pansi pa pampu, pamene pali kabowo. Kakamadontha, pampuyo ifuna kusintha. Malole okhala ndi hita amadontheranso m'kati, ndipo mudzapeza cinyezi kumapazi.

Citsekero ndi cinthu cocepa mtengo, koma cisautsa ambiri. Mpira wace ukauma, madzi awira msanga pokwera mtunda ndi katundu, nataika osasiya dontho pa katoni. Pogula cina onani kuti nambala yace, monga 0.9 kapena 1.1, ifanana ndi ya cakale.

Kumbukiraninso kuti lole ya kumunda ipuma mungu wa udzu, makoko a nshawa ndi pfumbi. Izi zitseka timipata ta rediyeta, mphepo nilephera kupita, makamaka m'mwezi wa October dzuwa litakula. Tsukani ndi madzi kucokera kumbuyo, osati ndi waya. Lamba wa fani asakhale wolenda.

Ngati kunja kulibe podontha, bvuto lingakhale m'kati, pa gasiketi ya mutu wa injini. Zizindikiro zace ndi izi: utsi woyera wosaleka ngakhale injini yafunda, oilo wosanduka ngati tiyi wa mkaka, ndi thobvu losatha m'kabotolo injini ikulira. Mukaona cimodzi ca izi, imikani lole ndi kuitana makanika. Iye ali ndi pampu yopanikizira mpweya m'rediyeta, imene ionetsa podontha pobisika.

NGATI MADZI SACEPA

Madzi akakhala pa cizindikiro canu masiku onse atatu, wolakwa ndi kamlonda kamene kayatsa nyaliyo, kochedwa sensa. Tili ta mitundu iwiri. Kena kayandama monga cikho m'mtsuko: madzi akatsika nako katsika, ndipo maginito ali m'kati mwace ayatsa nyali. Kakabooka ndi kumira, kapena kakamatidwa ndi matope a dzimbiri, nyali iyaka ngakhale madzi ali odzala. Kena kali ndi tizitsulo timene tipitiriza magetsi kupyolera m'madzi. Tikakutidwa ndi dzimbiri kapena mcere wa m'madzi, sitimvanso kanthu.

Cotsani kabotoloko ndi kukatsuka bwino. Tsatani waya wace kufikira polumikiza, pakuti miseu yathu ya mabampu igwedeza mawaya kufikira atapekeseka kapena kusololoka. Pukutani polumikizapo ndi kukankhira zolimba. Zikakanika, gulani sensa yina.

Palinso mpweya. Ngati nyali inayamba mutangosintha madzi kapena paipi, mpweya unatsalira m'kati, ndipo madzi atsika pamene ulikuturuka. Lizani injini kufikira itafunda, izizire, ndi kuonjezera madzi. Citani comweco kawiri kapena katatu.

ZIMENE SIMUYENERA KUCITA

Musadule waya wa kanyali, kapena kukamata ndi pepala kuti kasakusautseni m'maso. Tsiku limene paipi idzaphulika panjira, simudzakhala ndi wokuuzani.

Musathire ufa, mazira kapena sopo m'rediyeta kuti mutseke podontha. Zitseka kabowo kanthawi, koma zitsekanso timapaipi ta rediyeta.

Musathire madzi ozizira m'injini yopsa, pakuti citsulo cikhoza kung'aluka. Dikirani izizire.

Musazolowere madzi a pa mjigo kapena a kudambo. Ambiri ali ndi mcere ndi matope, zimene zimatirira m'kati monga zicitira m'ketulo. Gwiritsani nchito mankhwala ochedwa coolant, amene aletsa dzimbiri. Ena agulitsidwa osakaniza kale. Ena musakaniza theka ndi theka ndi madzi osungunula a batire, kapena a mvula osefa bwino. Werengani zolembedwa pa botolo, ndipo musasakanize mitundu yosiyana. Mankhwalawa ndi otsekemera koma ndi ululu wakupha: asungeni kutali ndi ana, ndipo otaika muwakwirire kuti agaru ndi ziweto zisanyambite.

MAU KWA A KOMITI

Inu a komiti ya kopaletivu, ndi inu eni malole, ikani kabuku m'lole, kuti dalaivala azilemba tsiku ndi muyeso wa madzi amene wathira. Injini yabwino siimwa madzi sabata ndi sabata. Citsekero, paipi kapena sensa zigulidwa ndi ndalama ya matumba owerengeka a cimanga, koma injini yopsa idya phindu la caka conse, ndipo dzinthu za mudzi wonse zikhala panja kudikira lole, mvula ili pafupi. Akulu anati mtsinje wa Tinkanena unathera m'Siizi. Kanyali kakayaka, kakhulupirireni kufikira mutatsimikiza ndi maso anu kuti kalikunama.