Mutu Umodzi pa Sabata: Malangizo kwa Alezi a Ana

Kodi inu mumasunga ana aang'ono pakhomo panu pamene makolo awo apita kudimba kapena kumsika? Ngati mumatero, ndinu mlezi, ndipo pakhonde panupo ndi sukulu ya mkombaphala. Ntchito imeneyi si yachilendo m'Malaŵi muno. Bungwe loyang'anira timagulu ta ana osayamba sukulu linakhazikitsidwa mu 1970. Mu 1989 boma, mothandizidwa ndi UNICEF, linayamba kuyesa malo osamalirako ana m'midzi ku Mzimba, Salima ndi Chikwawa. Mu 2003 linakhazikitsa ndondomeko yake ya kaleredwe ka ana aang'ono.

Koma vuto la alezi ambiri ndi limodzi. Kukacha, ana 15 kapena 20 afika, akhala pamkeka, akukuyang'anani. Muwauza chiyani? Mlezi amene sanakonzeke amangoyambitsa A, B, C ndi 1, 2, 3, dzulo zomwezo, lero zomwezo. Ana amaloŵeza ndithu, koma samva kanthu. Posachedwa ayamba kutsinana ndi kulira, ena angobwera nthaŵi ya phala basi. Makolo nawo amati, "Aaa, kumeneko n'kongotayako nthaŵi."

Mankhwala ake ndi aŵa: sankhani mutu umodzi woti muutsate sabata yonse. Nyimbo, nthano, maseŵera ndi kuŵerenga zonse zichokere pa mutu umenewo.

Mitu muipeza kuti?

Musavutike kufuna buku la kutali. Yang'anani zimene zikuchitika m'mudzi mwanu mwezi umenewo, chifukwa mwana wa zaka 3 mpaka 5 amamva msanga chinthu chimene wachiona ndi kuchigwira. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, mitu yake ndi mvula, ngumbi, mbewu. Mu Epulo ndi Meyi ndi nthaŵi ya chimanga ndi mtedza. Mu Juni ndi Julayi, inu a ku Tsangano ndi ku Lizulu mukudziŵa m'mene kumazizirira, tsono kambani za zovala ndi za kuopsa kwa moto, popeza ana ambiri amapsa pouwotha. Anzathu a kuchigwa cha Bwanje, kumene kumatentha kwambiri mu Okutobala, angathe kukamba za dzuŵa ndi mthunzi. Kotero mlezi wa ku Tsangano ndi mlezi wa ku Kasinje sayenera kukhala ndi kope lofanana ai.

Tiyeni tione sabata imodzi. Tinene kuti ndi mwezi wa Meyi, ndipo mutu wanu ndi chimanga.

Lolemba tengani ana mupite nawo kumunda wapafupi, mutapempha kwa mwini wake. Agwire phesi, masamba ndi ngala. Afunseni: "Chimanga ichi chinali chotani pa Khirisimasi? Nanga lero chauma chifukwa chiyani?" Musafulumire kuwayankhira. Mayankho ena adzakusekeni, koma umo ndi m'mene mwana amaphunzirira kulankhula pagulu.

Lachiŵiri ndi tsiku loŵerenga. Sonkhanitsani zitsononkho, ana aziike m'milu, zitatuzitatu kapena zisanuzisanu, zazitali pazokha, zazifupi pazokha. Mwana amene wanyamula zitsononkho 5 m'manja mwake wadziŵa 5 kuposa uja wongoimba. Chenjerani apa: musawapatse njere za chimanga ana a zaka 2 kapena 3, chifukwa amaziloŵetsa m'mphuno ndi m'makutu, ndipo ulendo wake ndi wa kuchipatala.

Lachitatu aumbe ndi dothi timitondo, timinsi ndi tinkhokwe. Zikakhala zokhota, zisiyeni choncho. Tizala timene tikukanya dothi lero ndi tomwe tidzagwire pensulo mu Sitandade 1 mwanayo akakwanitsa zaka 6. Lachinayi itanani agogo ena adzaimbe nyimbo ya pamtondo ndi kukamba nthano yokhudza chakudya. Lachisanu ndi masanje: ena akhale okonola, ena opita kuchigayo, ena ophika nsima ya dothi. Pomaliza afunseni zimene akukumbukira kuyambira Lolemba.

Mwaona kodi? Simunagule kanthu ngakhale kamodzi, koma ana aŵerenga, aimba, aumba, ayenda ndiponso aphunzira mawu atsopano.

Mitu ina yofunika kwathu kuno

Pali mitu ina imene ingapulumutse moyo, ndipo imeneyi musaidumphe. Msewu waukulu wa M1 wadutsa pakati pa boma lathu, ndipo ku Lizulu, pa Boma ndi ku Kampepuza ana amaseŵera pafupi ndi magalimoto. Patulani sabata ya msewu. Lembani msewu pansi ndi phulusa, ana ena akhale malole, ena oyenda pansi. Aphunzire kuima, kuyang'ana uku ndi uku, ndi kuwoloka atagwira dzanja la wamkulu.

Mvula isanafike pachimake ikani sabata ya madzi ndi kusamba m'manja. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023. Mangani mpondagiya pafupi ndi chimbudzi ana akuona, ndipo aliyense ayese kuponda. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angathe kudzacheza nawo tsiku limodzi mukam'pempha.

Nyengo ya Umhlangano, pamene Angoni a Inkosi ya Makosi Gomani amasonkhana ku Nkolimbo, mutu ungakhale magule athu. Ana adule zishango za makatoni navine ngoma. Koma kumbukirani kuti pamkeka panupo pangakhalenso ana a Chichewa ndi a Chiyao. Nawonso aonetse gule wa kwawo.

Kalembedwe kake

Pezani kope limodzi la ntchito imeneyi yokha. Tsamba lililonse likhale sabata imodzi. Pamwamba lembani mutu ndi deti, m'munsi masiku asanu aja, ndipo pa tsiku lililonse mzere umodzi kapena iŵiri: chochita, ndi zipangizo zake. Lembani Loŵeruka, kuti mukhale ndi mpata wouza makolo kuti, "Lolemba mwana abwere ndi chitsononkho." Kholo limene latumiza chitsononkho limafunsa mwana madzulo zimene anachita nacho.

Musakonze za chaka chonse nthaŵi imodzi. Masabata anayi akwana. Chochita chimodzi chisapitirire mphindi 15, kupatula maseŵera a panja. Ndipo kope lisakulamulireni. Ngati mwalemba za nkhuku koma ana apeza nanzikambe pampanda, kambani za nanzikambeyo, nkhuku zidikire maŵa. Mutu ukawakomera, upitirizeni sabata yachiŵiri.

Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zapepuka, ana ena amafika osadya kanthu. Masiku amenewo yambani ndi phala, ndipo sankhani zochita zokhala pansi monga nthano ndi kujambula pamchenga. Za ufa ndi nkhuni kambiranani ndi makolo nthaŵi yokolola, chimanga chikadalipo. Mukafuna maphunziro a ulezi kapena kulembetsa malo anu, funsani ku ofesi ya Social Welfare pa Boma pa Ntcheu, ndipo popita tengani kope lanu lija akalione.