Utsi wabuluu pa injini: fufuzani gwero musanapite kwa makaniko

Galimoto yonyamula mbewu, njinga yamoto, chigayo kapena pampu ya mthirira ikamatulutsa utsi wabuluu, dziwani kuti oyilo akulowa mu silinda n'kumapsa limodzi ndi petulo kapena dizilo. Kuchokera ku Nthalire kukafika ku Chitipa boma ndi ulendo wodula, choncho yambani mwaona nokha zinthu izi.

Kuchuluka kwa oyilo
Imikani pamalo osapendekeka, zimitsani injini, dikirani mphindi 5, ndipo muone pa dipisitiki. Ngati oyilo wadutsa mzere wapamwamba, muchepetseni. Nthawi zina vuto limathera pomwepo.

Nthawi imene utsi ukutuluka
- Ukatuluka mukangoliza injini m'mawa kenako n'kusiya, kawirikawiri masili a mavavu ndiwo atha.
- Ukatuluka mukaponda moto mutangotsika chitunda, ganiziraninso masili omwewo.
- Ukamatuluka nthawi zonse, makamaka pokwera ndi katundu, injini n'kumafooka, ndiye kuti maringi a pisitoni kapena silinda zaperepeseka.

Fyuluta ya mpweya
Fumbi la m'misewu yathu m'chilimwe likadutsa pa fyuluta yong'ambika limadya maringi. Iyeretseni pafupipafupi, ndipo ikang'ambika gulani ina.

Chenjezo
Injini yodya oyilo ikapitiriza kugwira ntchito osaisamala, oyilo amatha, zitsulo n'kugwirana, ndipo kukonza kwake kumadya phindu la zokolola. Onani oyilo m'mawa uliwonse. Lembani amene mukuwonjezera pa sabata ndi nthawi imene utsi umatuluka, kuti makaniko asamasule injini yonse mongoganizira.