Khansa ya Khomo la Cibaliro: Kodi Mai Angabalenso Mwana?

Mai akauzidwa ku cipatala kuti ali ndi khansa ya khomo la cibaliro, funso loyamba limakhala lakuti, kodi ndidzacira? Laciwiri silicedwa kubwera, makamaka kwa amene angolowa kumene m'banja kapena amene ali ndi mwana mmodzi yekha: kodi ndidzabalanso? Ambiri amacita manyazi kufunsa dokotala funso limeneli, ndipo ena amathawa cithandizo cifukwa anamva kuti kumeneko amacotsa cibaliro. Talemba nkhaniyi kuti mabanja athu adziwe zimene zimatheka pa msinkhu uliwonse wa matendawa, ndi zimene ayenera kufunsa cithandizo cisanayambe.

Mmene matendawa amayambira

Khansa imeneyi ndiyo imapezeka kwambiri pakati pa azimai muno m'Zambia. Imayamba ndi kacilombo ka HPV, kamene anthu amapatsirana pogonana. Mitundu iwiri ya kacilomboka, 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 mwa matenda 100 alionse otere. Anthu ambiri amatenga HPV nthawi ina pa moyo wao, ngakhale mai amene wadziwa mwamuna mmodzi yekha, ndipo kwa ambiri thupi limakagonjetsa lokha. Conco kupezeka ndi khansayi si umboni wakuti mai anali wosakhulupirika.

Kacilomboka kakakhalitsa, khungu la pa khomo la cibaliro limayamba kusintha pang'onopang'ono. Zimatenga zaka 15 mpaka 20 kuti kusinthako kusanduke khansa, koma kwa amene citetezo ca m'thupi cinafooka zimatha kutenga zaka 5 mpaka 10 zokha. Bungwe la zaumoyo la WHO limanena kuti mai amene ali ndi HIV ali pa ngozi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake amene alibe. Nthawi imene matenda apezekera ndiyo imagamula nkhani ya kubala.

Zikapezeka khansa isanayambe

Kuyambira mu 2006, zipatala za m'dziko lathu zakhala zikupima azimai popaka viniga pa khomo la cibaliro. Malo amene ayamba kusintha amayera, ndipo anamwino amawaona. Malowo amawaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri, kapena kuwatentha ndi kacipangizo, kapena kuwadula ndi kawaya ka magetsi, njira imene imachedwa LEEP. M'njira zonsezi cibaliro cimatsala, ndipo mai amatha kutenga pakati ndi kubala. Amalangizidwa kusakhala malo amodzi ndi mwamuna wake kwa mwezi kuti cilonda cipole, ndipo apa tikupempha azibambo kuleza mtima. Amene anadulidwa ndi LEEP azinena zimenezi akayamba sikelo, cifukwa khomo likafupika, nthawi zina mwana amabadwa masiku asanakwane.

Khansa ikapezeka ikali yaing'ono

Ngati khansa yangoyamba kumene ndipo imaoneka ndi makina okha, dokotala angadule kacigawo ka khomo la cibaliro n'kusiya zina zonse. Ngati cotupa ndi cokulirapo koma sicipitirira masentimita 2, ndiponso sicinafalikire kwina, pali opaleshoni yochedwa trachelectomy, imene inadziwika ndi nchito ya dokotala wa ku France, Daniel Dargent. Amacotsa khomo lonse, n'kulumikiza cibaliro ku njira ya abambo, n'kusoka ulusi wolimba m'munsi mwake kuti cidzathe kusunga mwana. Mai wotere amauzidwa kudikira miyezi 6 mpaka 12 asanatenge pakati. Ngozi yopita padera kapena kubala mwana wosakwana masiku imakhala yokulirapo, ndipo amabala mwa opaleshoni. Opaleshoniyi imafuna dokotala waluso lapadera, conco mai wofuna mwana anene msanga kuti aone ngati angatumizidwe kumene ingacitike.

Kwa ambiri amene khansa yao ikali pa khomo pokha, cithandizo cimakhala kucotsa cibaliro conse. Zikatero mai sangatengenso pakati ndipo amasiya kusamba. Komabe kwa mai wacitsikana madokotala amatha kusiya tiziwalo tiwiri topanga mazira, kuti thupi lipitirize kugwira nchito monga kale. Mai wocotsedwa cibaliro amatha kukhala malo amodzi ndi mwamuna wake akacira. Mawu amene timamva akuti mkazi wotere wasanduka mwamuna ndi onama, ndipo apasula mabanja popanda cifukwa.

Khansa ikafalikira

Cotupa cikakula kapena cikafika ku ziwalo zoyandikana, cithandizo cake ndi kuoca ndi makina a radiotherapy, pamodzi ndi mankhwala a mu diripi monga cisplatin. Odwala ambiri otere amatumizidwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007. Cithandizo cimeneci cimapulumutsa miyoyo, koma cimaononga cibaliro kotero kuti sicingasungenso mwana, ndipo tiziwalo ta mazira timaleka nchito. Mai amasiya kusamba ngakhale akali wamng'ono, amamva kutentha m'thupi, ndipo njira imauma n'kucepa. Zonsezi zili ndi cithandizo cake, conco musazibise kwa anamwino.

Nthawi zina dokotala amasuntha tiziwalo ta mazira kutikweza m'mwamba mwa mimba asanayambe kuoca, kuti titetezeke. Palinso njira yocotsa mazira n'kuwasunga m'malo ozizira. Imafuna ndalama zambiri, imacitika m'zipatala zolipira, ndipo ngati cibaliro caonongeka pamafunika mai wina woti anyamule mimbayo. Akristu amaona nkhani imeneyi mosiyanasiyana, ndipo banja loiganizira licita bwino kukambirana ndi dokotala komanso abusa. Cacikulu n'cakuti zonsezi zimakonzedwa cithandizo cisanayambe. Cikayamba, mpata umakhala utatha.

Nanga ngati mai ali kale ndi pakati?

Ngati ndi kusintha kwa khungu cabe, kawirikawiri madokotala amangoyang'anira, n'kupereka cithandizo mai atabala. Ngati ndi khansa yeniyeni, amaona kukula kwake ndi miyezi ya mimba. Mimba ikakhala yaikulu, amatha kudikira kuti mwana akhwime, n'kumucotsa mwa opaleshoni, kenako n'kuyamba cithandizo. Mimba ikakhala yaing'ono koma khansa ndi yaikulu, banja limakumana ndi cosankha cowawa kwambiri. Pamenepo udindo wa mpingo ndi kukhala pafupi ndi kupemphera nao, osati kuwaweruza.

Za cilezi pa nthawi ya cithandizo

Mai amene akudikira kapena kulandira cithandizo ayenera kupewa kutenga pakati, cifukwa mimba imacedwetsa cithandizo ndipo mankhwala angavulaze mwana. Malangizo a WHO amalola mapiritsi, nyeleti ndi tumitengo ta pa mkono monga Jadelle kwa mai wotere, koma salola kuika lupu yatsopano pamene khansa ikudikira cithandizo. Makondomu amathandiza pa mimba ndi pa matenda opatsirana. Amene amamwa ma ARV apitirize mosadumphitsa, ndipo auze namwino wa cilezi mankhwala onse amene akumwa. Wocotsedwa cibaliro safunikanso cilezi, koma masiku opita kukaonedwanso ku cipatala sayenera kuwaphonya.

Mafunso opita nao kwa dokotala

Pitani awiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo funsani izi: Kodi matenda afika pati? Kodi pali njira yosiya cibaliro popanda kuika moyo pa ciswe? Kodi tiziwalo ta mazira tidzatsala? Tidikire nthawi yaitali bwanji tisanayese kukhala ndi mwana, ndipo tigwiritse nchito cilezi citi pakali pano? Dokotala akanena kuti cibaliro ciyenera kucoka, kucedwa kuti muyambe mwabala mwana wina kumapatsa khansa mpata wokula. Ana amene alipo kale amafuna mai wao wamoyo.

Kwa azibambo, acibale ndi mpingo

Tikudziwa mmene zimakhalira kumudzi. Apongozi amayamba kufunsa za adzukulu, ena amakumbutsa za malowolo, ena amanong'oneza mwamuna kuti akapeze mwana kunja. Malonjezo a cikwati amene tinapanga pamaso pa Mulungu ndi mpingo anachula za matenda, ndipo sanaike kubala kukhala muyeso wa banja. M'buku loyamba la Samueli timawerenga za Elikana, amene anapitiriza kukonda ndi kutonthoza Hana pamene analibe mwana. Ankhoswe, alangizi ndi akulu a mpingo ateteze mai wodwala pamene acibale ayamba kumupanikiza.

Banja limene silingabalenso likhoza kulera mwana. Kulera ana a abale ndi mwambo wathu kuyambira kale. Ofuna kutenga mwana mwalamulo ayambire ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lao, ndipo nkhaniyo imatsirizidwa ndi khoti, motsatira lamulo la ana la mu 2022.

Tipemphere ndi odwala athu, ndiponso tiwaperekeze ku cipatala. Wina akauza mai wotuluka magazi pambuyo pogonana, kapena wotuluka ukazi wonunkha, kuti angomwa madzi odalitsidwa kapena mizu n'kukhala kunyumba, akumutayitsa miyezi imene ikanapulumutsa cibaliro cake ndi moyo wake.

Tikupempha a Cigwirizano ca azimai m'mipingo yonse kuti afunse ku cipatala capafupi masiku opima, n'kupita pamodzi. Azimai amene ali ndi HIV ayambe kupimitsa ali ndi zaka 25. Makolo alole ana ao aakazi a zaka 9 mpaka 14 kulandira katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019. Katemerayu saletsa kubala. Amateteza khomo la cibaliro kuti mtsikanayo adzathe kukhala ndi ana ake akadzakula. Ambuye akhale ndi mabanja onse amene akudutsa m'mayesero amenewa.