Laser nayo ili ndi mtsuko wake

Amene anakulira kumudzi amaudziwa mtsuko wosiyidwa ndi madzi. Mwachoka masabata atatu, pobwera mukavundukula mupeza m'kati mukuterera, ndere zamera m'mbali, madzi akununkha. Palibe anathiramo dothi. Madziwo angokhala basi.

Ku Satwa, dera la Dubai lodziwika ndi matelala, mulinso timashopu ta zikwangwani momwe makina a laser amadula pulasitiki ndi kulemba mayina pa zikho. Makinawa, monganso a m'malabotale a m'mayunivesite, ali ndi mtsuko wawo: kabokosi kotchedwa chiller, kokhala ndi thanki ndi pampu. Mu laser ya CO2, magetsi amene amasanduka kuwala nthawi zambiri sapitirira gawo limodzi mwa magawo asanu. Otsalawo ndi moto, ndipo madzi ozungulira chubu chagalasi ndiwo amauchotsa. Madzi akalephera kuyenda, chubu chimatha kung'aluka.

Vuto limabwera mu Julaye ndi Ogasiti, kutentha kukapitirira madigiri 40, anthu ambiri atatseka zitseko n'kupita kutchuthi kwawo. Madzi ofunda osayenda ndiwo munda wa ndere. Zimamera m'mapaipi, zimatseka sefa, ndipo pampu yokhalitsa imauma ngati mjigo wosapopedwa. Ngati munathira madzi a pampopi, mupezamonso zoyera zija zimamatirira pansi pa ketulo. Mu ketulo mumazipala ndi supuni. M'chubu chopyapyala ngati chala mulowetsamo chiyani?

Njira zilipo ziwiri, ndipo zonse amayi athu amazidziwa. Ngati pali wotsala pakhomo, mtsuko umatungidwa ndi kuthiridwa. Chimodzimodzi, wina aziyatsa pampu yokha kamodzi pa sabata, kwa theka la ola, laser ili yozima, ndipo madzi azisinthidwa ndi otcheza, aja timati a batire. Ngati palibe wotsala, mtsuko umakhuthulidwa, kutsukidwa, n'kuvundikiridwa. Pa chiller naponso, tsegulani potulutsira madzi, pendeketsani thanki, uzirani mpweya m'mapaipi mpaka dontho lomaliza, tsekani kukamwa kwake kuti fumbi la m'chipululu lisalowe. Choipa kuposa zonse ndi kukhuthula mwatheka, chifukwa pamene madzi ndi mpweya zakumana ndi pamene dzimbiri limayambira.

Pobwerera, mtima umafuna kuyamba ntchito pomwepo, poti maoda adikira. Dekhani. Thirani madzi atsopano, asiyeni azungulire mpaka thovu lonse lituluke m'chubu. Musaziziritse mopitirira: chinyezi cha m'mbali mwa nyanja ya Gulf chimachititsa chubu thukuta ngati botolo lochokera m'firiji, ndipo mame pafupi ndi magetsi amphamvu chotere ndi ngozi.

Inu ogwira ntchito ndi makinawa ku Dubai amene mwagula kale tikiti ya ku Lilongwe, sutikesi musanaitseke, pitani mukaone thankiyo kaye.